Shawa ya alendo, thanki ya landilodi, ndi chibayo cha bambo anu

Kalata iyi inafika pa imelo sabata yatha, ndipo ndaifupikitsa kwambiri. Mayi wina amene akuchita lendi ku Naperi akuti bambo awo a zaka 68 anabwera kuchokera ku Thyolo kudzaonetsa maso kuchipatala. Anawagoneka m'chipinda cha alendo chomwe chili ndi shawa yakeyake, shawa imene inali isanatsegulidwepo chichokereni alendo a pa Khirisimasi. Patatha sabata madala anayamba kutentha thupi, kutsokomola, kutsekula m'mimba, mpaka kuyankhula zosalumikizana. Malungo sanapezeke. Amoxicillin sanaphule kanthu. Anawagoneka m'chipatala, anawasinthira mankhwala, ndipo pano akupezako bwino. Mlongo wawo wa ku Johannesburg ndiye waimba foni kuti mwina ndi Legionnaires' disease, chibayo chochokera m'mapaipi a m'nyumba. Funso lawo ndi ili: "Kodi zimenezi ziliko kunonso, kapena ndi matenda a azungu? Nanga landilodi ndikamuuze chiyani?"

Achemwali, pepani ndi matendawo, ndipo tithokoze kuti madala akuchira. Ndiyankha, koma mundilole ndizungulire kaye, chifukwa mwatchula landilodi ndi madzi mu chiganizo chimodzi, ndipo zimenezo ine zimandiwiritsa magazi.

Ndinakhalapo pa lendi ku Chilomoni, pa mpanda wa nyumba zinayi zomwe zinkamwera thanki imodzi, yakuda ija ya malita 5,000, yokhazikidwa pa nsanja ya zitsulo kuseri. Eni ake ankakhala ku Lilongwe, ndiye wotolera lendi anali mphwawo, mnyamata wa nsapato zosongoka ndi mafoni awiri. Tsiku lomwe ndinapita kukaona nyumbayo anayamba kundionetsa thanki asanandionetse ndi chipinda chogona chomwe. "Pano madzi sasiya, bwana." Lendi inali yokwererapo chifukwa cha thankiyo, ndipo tinalipira mtima uli mbee. Aliyense amene wakhalapo mu Blantyre akudziwa kuwawa kwake kodzuka pakati pa usiku kukatchera zigubu pa mpope womwe ukungotulutsa mpweya, kapena kutuma ana ku kiyosiki tambala asanalire. Munthu ukapeza nyumba ya thanki umadziona kuti wafika.

Woyamba kudandaula anali mayi a kunyumba kwathu. Ankati malaya oyera a sukulu a mwana akumabwera achikasu pa chingwe, ndipo madzi akagona m'ndowa, m'mawa pansi pamakhala kanthu koterera. Kenako m'mimba munayamba kuvuta, lero mwana wathu, sabata ya mawa wa aneba, kenako mtsikana wogwira ntchito ku nyumba ya kumapeto. Tinkanamizira mandasi a pa geti ya sukulu, tinkanamizira mango. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anakweza maso kuyang'ana pa nsanja paja.

Chomwe chinatsegulitsa thankiyo si matenda a ana athu ayi. Ball valve, kachipangizo kotseka madzi thanki ikadzaza, inafa, madzi anayamba kusefukira usiku onse, bilu inakwera, ndipo apo m'pamene mphwawo wa landilodi anathamanga kukatenga pulambala. Linali Loweruka, ndinali pakhomo, ndiye ndinakwera makwerero pambuyo pa pulambalayo chifukwa cha chidwi chabe. Chivindikiro chinali chong'aluka pakati, chopsinjidwa ndi theka la njerwa. Atachichotsa munatuluka fungo la padambo. M'mbali monse munali ndere zoterera, ukapalasa ndi chala zikumatuka ngati phala la dzulo. Pamwamba pa madzi pankayandama nthenga ndi nalimata wotupa, ndipo timphutsi ta udzudzu tinkavina pakona pomwe dzuwa linkalowera pa mng'alu. Madzi atatsitsidwa, pulambala anapisa dzanja pansi, matope anamufika m'chigongono. Anandiyang'ana n'kuseka. "Bwana, iyi ndiye yabwinoko. Mukanaona zomwe timapeza m'malo ogona alendo, simukanasambanso." Ndinamufunsa kuti akuona ngati inatsukidwa liti. Anati, "Chiikireni."

Madzulo ake ndinamuimbira mnyamata wa nsapato zosongoka uja. Yankho lake ndimalikumbukira mpaka lero: "Madziwo ndi a Water Board, ife sitipanga madzi."

Chiganizo chimenecho ndachimva kwa malandilodi, kwa oyang'anira maofesi, kwa mwini wake wa kasukulu kena ka mkaka, ndipo ndafika potsimikiza kuti ndi bodza limene tonse tinagwirizana kumalikhulupirira chifukwa ndi lotsika mtengo. Taganizirani ulendo womwe madzi a mumzinda uno amayenda. Ambiri mwa iwo amatengedwa mu Shire pa Walker's Ferry, makilomita pafupifupi 40 kuchokera m'tauni, amasefedwa, amathiridwa klorini, kenako n'kukankhidwa ndi mapampu kukwera mtunda wa mamita pafupifupi 800, kudutsira ku Chileka, kuti afike kuno kumtunda. N'chifukwa chake magetsi akavuta, madzinso amavuta. Ena ochepa amachokera ku damu la Mudi, ndipo kuyambira 2019 enanso amatsika kuchokera ku Likhubula ku phiri la Mulanje n'kudzayeretsedwa ku Nguludi. Ntchito yonseyo, ndalama zonsezo, zimathera pa mita ya pageti panu. Kudutsa pa mita, paipi ndi yanu, thanki ndi yanu, giza ndi yanu. A Blantyre Water Board sadzakwera pa nsanja yanu kudzachotsa nalimata, ndipo si ntchito yawo.

Klorini amene amabwera ndi madziwo ndi wochepa dala, wongokwanira kuwateteza pa njira. Sakhalitsa. Madzi akaima m'thanki, makamaka kukatentha, klorini amauluka, ndipo wotsalayo amathera polimbana ndi matope ali pansi. Pakapita masiku owerengeka mumakhala mukusunga madzi opanda mlonda. Onjezerani apo vuto la madzi osiyasiya. Mphamvu ya madzi ikatha m'paipi, paipi yong'aluka imayamba kuyamwa zakunja, kaya ndi chithaphwi, kaya ndi zotuluka m'suweji ya aneba. Madzi ofiira amene amayamba kutuluka madzi akangobwera aja ambirife timawataya tikawaona pa mpope wa panja. Koma thanki simasankha, imangomeza, ndipo zonsezo zimakadikha pansi chaka ndi chaka.

Ndiye tibwere ku dzina lomwe mlongo wanu watchula. Matendawa alipodi, ndipo dzinalo lili ndi mbiri yake. Mu July 1976 asilikali opuma pa ntchito a bungwe la American Legion anachita msonkhano pa hotela ya Bellevue-Stratford mumzinda wa Philadelphia ku America. Atabwerera m'makwawo anayamba kugwa ndi chibayo chachilendo. Oposa 180 anadwala, ndipo pafupifupi 30 anamwalira. Kwa miyezi anthu ankangoganiza za poizoni. Mu January 1977 wasayansi wina wa ku CDC (bungwe la boma la America lofufuza matenda), Joseph McDade, ndiye anapeza bakiteriya amene anali asanadziwikepo, n'kupatsidwa dzina loti Legionella pneumophila. Akatswiri amakhulupirira kuti anali akuswana m'madzi a makina oziziritsira mpweya pa hotelapo. Atabwerera ku zitsanzo za magazi zomwe anasunga kale, anapeza kuti bakiteriya yemweyu ndi amene anadwalitsa anthu ku Pontiac mu 1968, kungoti kumeneko anangowapatsa kutentha thupi ndi kuphwanya kwa masiku ochepa, popanda chibayo.

Bakiteriyayu alibe pasipoti. Amapezeka mwachibadwa m'mitsinje, m'nyanja ndi m'dothi lonyowa pa dziko lonse, mochepa moti savulaza munthu. Chomwe amafuna kuti achuluke ndi zinthu zitatu zomwe nyumba zathu za m'tauni zimamupatsa mwaulere: madzi ofunda, madzi oima, ndi ndere kapena dzimbiri zoti abisalemo. Amaswana bwino madzi akakhala pakati pa madigiri 20 ndi 45. Pansi pa 20 amangogona. Pa 60 amafa m'mphindi zochepa. Tsono ganizirani thanki yakuda pa dzuwa la October, kapena paipi yodutsa m'siling'i pansi pa malata. Mukatsegula mpope wa madzi ozizira masana, madzi ake amatuluka ofunda moti mukhoza kusambitsa khanda. Kumeneko ndiye kwawo.

Chodabwitsa chake n'chakuti simudwala chifukwa chomwa. Mumadwala chifukwa chopuma. Shawa ikamathira, kupatula madontho amene mumawaona, pamakhala kankhungu ka timadontho tosaoneka ndi maso, ndipo timeneti timalowa mpaka pansi pa mapapo titanyamula bakiteriyayo. Munthu wokalamba amene amatsamwa pomwa angathenso kulowetsa madzi m'mapapo mwa njira imeneyo, koma njira yaikulu ndi kankhunguko. Matendawa sapatsirana ngati chimfine, choncho inu amene munkawasamalira bambo musade nkhawa kuti mwatengera. Kuchokera pa tsiku lopuma timadonthoto kufika poyamba kudwala pamatenga masiku 2 mpaka 10. Amene amagwa kwambiri ndi a zaka zopitirira 50, amuna kuposa akazi, osuta fodya kapena amene anasutapo, a matenda a shuga, a impso, a mapapo, ndi onse amene chitetezo cha m'thupi chinatsika. Mwa anthu khumi odwala, pafupifupi mmodzi amamwalira, ndipo chiwerengerocho chimakwera ngati mankhwala oyenera achedwa.

Mwaona kuti nkhani ya bambo anu ikulowa bwino mu zimenezi: msinkhu wawo, sabata ija, m'mimba, kusokonezeka mutu, amoxicillin wosagwira. Amoxicillin ndi abale ake sagwira chifukwa Legionella amakabisala mkati mwa maselo a m'mapapo, momwe mankhwala amenewo safikamo. Amene amagwira ndi a mtundu wa azithromycin kapena levofloxacin. Koma musathamangire kuweruza mlandu. Kuno kwathu chibayo cha akuluakulu kawirikawiri chimachokera kwa bakiteriya wina wotchedwa pneumococcus, ndipo chifuwa chachikulu chimadzibisa ngati chibayo nthawi zambiri. Chomwe chimatsimikiza Legionella ndi kuyeza mkodzo kapena makhololo mwapadera, pomwe kujambula pachifuwa kokha sikusiyanitsa. Ndiye pa tsiku lobwerera kuchipatala, muwafotokozere adokotala nkhani ya shawa ija monga mwandifotokozera ine, ndipo mufunse ngati makhololo anayezedwa TB. Munthu wa zaka 68 amene watsokomola chonchi ayenera kuyezedwa zimenezo, shawa kapena popanda shawa.

Mawu oti "matenda a azungu" amandikwiyitsa pa chifukwa china. Kumayiko kumene amamveka kwambiri, amamveka chifukwa amayeza, amalemba, ndipo hotela ikadwalitsa anthu imatsekedwa n'kutuluka pa nyuzi. Ku Flint ku America, mu 2014 ndi 2015, atasintha kochokera madzi a mzindawo, anthu osachepera 12 anafa ndi matenda omwewa, ndipo akuluakulu ena a boma anatengeredwa kukhoti. Kuno gogo akatentha thupi timayamba ndi LA ngakhale kachipangizo kanena kuti malungo mulibe, kenako amoxicillin wa pa famase, kenako mapemphero, ndipo akatisiya timati chinali chibayo, kunazizira. Palibe amene amafunsa kuti anasamba kuti. Matenda amene sitiwafufuza timawapatsa mayina ena, basi.

Ndipo taonani chinthu chimodzi chimene chimandiseketsa mowawa. Ku Thyolo bambo anu amasamba madzi a m'ndowa, otenthetsa pa moto mpaka kuwira, n'kusakaniza ndi ozizira otungidwa tsiku lomwelo. Ndowa ndi kapu sizipanga kankhungu kaja. Ndi ife a m'tauni, pofuna kuwalemekeza, amene timawalowetsa m'bafa ya matailosi, n'kuwatsegulira shawa imene madzi ake agona m'paipi miyezi isanu. Chipinda cha alendo ndicho chipinda choopsa kwambiri m'nyumba zathu, ndipo timagonekamo anthu okalamba, ochira kumene, ndi obwera kudzaonana ndi dokotala.

Si nyumba zokha. Ganizirani sukulu zogonera komweko, zimene mashawa ake amaima holide yonse, ana n'kungofika n'kutsegula. Ganizirani mmene zinalili mu 2020, sukulu zitatsekedwa mu March n'kudzayamba kutsegulidwa mu September. Maiko ena anatulutsa machenjezo apadera oti nyumba zotsekedwa ziyambe zatsukidwa mapaipi anthu asanabwerere. Ife tinaika ndowa zosambira m'manja pageti, zomwe zinali bwino, koma za mapaipi sindinamve wina akuzitchula pa msonkhano wa makolo. Ganiziraninso malo ogona alendo a ku nyanja amene amadzaza pa Isitala ndi pa Khirisimasi pokha, kapena nyumba ya munthu amene ali ku Joni, yotsekedwa chaka chonse, iye n'kufika mu December molunjika ku shawa kukachotsa fumbi la pa Mwanza.

Ine pano ndikafika pa malo ogona alendo, ndisanamasule ndi chikwama chomwe, ndimatsegula zenera la kubafa, ndimatsegula shawa mbali yotentha, n'kutuluka kukacheza ndi mlonda. Mayi a kwathu amati ndine wovuta. Mwina.

Za giza ndi mayunitsi

Apa ndiye pali nkhondo ya m'nyumba iliyonse. Giza imadya mayunitsi, aliyense akudziwa. Ndiye timachita ziwiri. Ena amaitana wa zamagetsi kuti atsitse thermostat ifike pa 40 kapena 45, kuti madzi azingofunda osafunika kusakaniza. Ena amayatsa giza kwa kanthawi kochepa m'mawa, madzi akangofunda n'kuzimitsa. Njira zonse ziwiri zimasiya madzi pa mlingo umene bakiteriya uja amaukonda kwambiri, tsiku lonse, pamwamba pa matope ndi dzimbiri zomwe zadikha pansi pa giza. Mwapulumutsa mayunitsi, koma mwatsegula khola.

Giza iyenera kufika pa madigiri 60. Ngati mumazimitsa pofuna kusunga magetsi, zimitsani, koma mukayatsa isiyeni ifike mpaka thermostat idule yokha, musaidule inu ndi dzanja chifukwa madzi afunda. Samalani ndi ana, chifukwa madzi a madigiri 60 amawotcha khungu m'masekondi ochepa. Muzitsegula ozizira poyamba, ndipo mwana asamasewere ndi mpope yekha. Magiza a sola amene adzaza pa madenga a ku Chigumula ndi ku Mpemba ndi abwino, mu October amawiritsa madzi mpaka kuopsa. Vuto lake ndi June ndi July, chiperoni chikagwira masiku angapo, madzi amangokhala ofunda. Ngati yanu ili ndi element ya magetsi, muziiyatsa masiku oterowo kuti madzi atenthe kwenikweni.

Wina adzandifunsa za air conditioner, poti nkhani ya ku Philadelphia inayambira kumeneko. Timakina ta pakhoma ta m'nyumba ndi m'maofesi ang'onoang'ono, ngakhalenso ta m'galimoto, sitigwiritsa ntchito madzi poziziritsa, choncho si timeneto. Oopsa ndi makina akuluakulu a pa denga la nyumba zosanja ndi mafakitale, amene amawaza madzi mu mpweya. Chimene ndingachenjeze ndi kabotolo ka madzi ka pa makina a oxygen amene mabanja ena anagula nthawi ya Covid. M'menemo musamathire madzi a pa mpope, chifukwa mpweya wake ukupita molunjika m'mapapo a munthu wodwala kale. Muzithira madzi owiritsa ndi kuzizira, kapena ogula ku famase, ndipo muzikatsuka tsiku ndi tsiku.

Tsopano ndinene chinthu chimene mlongo wanu wa ku Johannesburg sanakuuzeni. Pa zonse zimene thanki yauve ingakupatseni mu Blantyre, Legionella si woyamba pa mzere. Ana a pa mpanda wathu ku Chilomoni sankatsokomola, ankatsekula m'mimba. Mzinda uno uli ndi typhoid wambiri. Kuyambira cha mu 2011 odwala anakwera kwambiri ku chipatala cha Gulupu, ndipo mtundu umene unafalawo sumva mankhwala akale otsika mtengo. N'chifukwa chake kafukufuku wamkulu wa katemera wa typhoid anachitikira ku Ndirande ndi ku Zingwangwa mu 2018, pa ana pafupifupi 28,000, ndipo mu May 2023 boma linapereka katemerayo kwa ana m'dziko lonse. Za kolera sindikufunika kukukumbutsani. Inayamba mu March 2022, inapha anthu oposa 1,700, ndipo mu January 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha iyo. Kenako mu March 2023 namondwe Freddy anagumula mapaipi ndi zimbudzi pamodzi, ku Chilobwe, ku Soche ndi madera ena, zonse n'kusakanikirana m'matope amodzi. Ndi angati amene anatsuka mathanki awo madzi atayambanso kubwera? Pa mpanda umene ndimakhala pano tinatsuka chifukwa ndinachita phokoso. Kwa anzanga ambiri amene ndinawafunsa, funso lenilenilo linali lachilendo.

Ndipo apa m'pamene ndimakanika kudziletsa. Ndife anthu aukhondo, musanamizidwe. Mayi wa ku Ndirande amasesa bwalo dzuwa lisanatuluke, amakwecha mapoto ndi mchenga mpaka kuwala. Bambo wa ku Namiwawa galimoto yake imatsukidwa Loweruka lililonse, mpaka matayala kupakidwa polishi. Koma ukhondo wathu umathera pomwe maso a mlendo amathera. Chimene chili pa nsanja kapena m'siling'i sichionedwa ndi apongozi, ndiye chilibe mwini. Wochita lendi amati nyumba si yanga. Landilodi amati sindimwa ine. Pulambala amaitanidwa pokhapokha madzi akamadontha, ndipo akabwera amadula paipi yopita ku sinki yomwe mwachotsa, n'kuitseka kumapeto, kusiya mkono wa paipi wodzaza madzi osayenda mkati mwa khoma mpaka kalekale. Omanga nyumba amaika thanki pa dzuwa chifukwa mpamene pali malo, amagoneka paipi yozizira mogundana ndi yotentha chifukwa ndi njira yaifupi. Pa mapangano a lendi amene ndasainapo m'moyo wanga, ndaonamo za penti, za galu, za phokoso, za alendo ogona, koma za kutsuka thanki sindinazionemo.

Maganizo anga ndi awa, ndipo sindiwafewetsa. Munthu amene akukweza lendi chifukwa pali thanki akugulitsa madzi, kaya avomere kaya akane. Wogulitsa madzi ayenera kuyankha za ukhondo wake. Mayi wogulitsa thobwa pa Ginnery Corner akatsekulitsa anthu m'mimba, mawa lake palibe amene amugula. Landilodi yekha ndiye amadwalitsa mabanja anayi, mwezi ukatha n'kutumiza uthenga wokumbutsa lendi. Enanso amafika pokhoma makwerero a pa nsanja ndi loko, ati kuopa akuba, moti ngakhale mutafuna kusuzumira simungathe. Ku Chilomoni kuja tinasonkha tokha mabanja anayi, tinagula chivindikiro chatsopano ndi klorini wa HTH, tinalipira anyamata awiri, ndipo mnyamata wa mafoni awiri uja anabwera kudzajambula zithunzi zotumiza kwa amalume ake ngati kuti ntchitoyo walamula ndi iye. Chaka chotsatira lendi inakwera. Tinasamuka.

Chabwino, achemwali, ndalankhula zambiri. Zoti muchite ndi izi.

Shawa ijayo asayambe waigwiritsa ntchito munthu. Wina wa thanzi labwino, wosasuta, amasule mutu wa shawayo, atsegule zenera, atsegule madzi pang'onopang'ono kuti asawazike, otentha kenako ozizira, kwa mphindi zingapo mbali iliyonse, iye ali panja. Mutu wa shawa muuviike mu viniga kuti zoyera zouma zija zisungunuke, muutsukuluze bwino ndi madzi, kenako muuviike m'madzi othira Jik pang'ono. Viniga ndi Jik zisakumane m'beseni limodzi, zimatulutsa mpweya wa poizoni. Muzichita zimenezi pakapita miyezi itatu iliyonse, ndipo mpope uliwonse wosagwiritsidwa ntchito muziutsegula kamodzi pa sabata, madziwo mutchere m'ndowa mukathirire maluwa. Giza pa 60. Thanki itsukidwe kosachepera kamodzi pa chaka: kukhuthula, kukwecha ndi bulashi, kuthira klorini, kutsukuluza, ndi kuonetsetsa kuti chivindikiro chikutseka ndipo paipi yosefukira ili ndi kasefa. Munthu asalowemo ali yekha. Madzi akumwa ochokera m'thanki muziwiritsa kapena kuthira WaterGuard. Bambo akadzabweranso, apatseni ndowa.

Kwa landilodi musapite ndi dzina la Legionella, adzakuuzani kuti mwawerenga zambiri pa intaneti, ndipo musamunene kuti wadwalitsa bambo anu poti umboni wa zimenezo mulibe. Kwerani pa nsanja kapena tumani mnyamata, jambulani mkati mwa thanki, mumutumizire zithunzizo pa WhatsApp ndi funso limodzi loti inatsukidwa liti komaliza. Mupemphe kuti atumize pulambala, kapena avomere mwa kulemba kuti muitane wanu ndipo ndalamayo ichotsedwe pa lendi. Musachotse nokha asanavomere, mungapezeke mukukangana za ngongole m'malo mwa madzi. Risiti ya pulambala muisunge, ndipo nthawi yosainanso pangano ikafika, muonjezeremo mzere wonena kuti thanki izitsukidwa liti komanso wolipira ndani.